Kapiteni Saonetsa Mano

Chinali chaka cha 1976, ndipo ine ndinali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ndinali ndi mkazi, ana awiri, munda wa mpunga m'dambo la ku Chia, ndi miyendo imene inkadziwika kuyambira ku Benga mpaka ku Dwangwa. Sindikudzitama. Funsani aliyense wa msinkhu wanga amene akadali ndi moyo.

Ndinali kapiteni wa gulu la malipenga la m'mudzi mwathu. Ana a masiku ano ambiri sanaonepo malipenga enieni. Amuna amavala zoyera zokhazokha: malaya, kabudula, masokosi ofika m'mawondo, nsapato. Amaima m'mizere ngati asilikali, ng'oma zikulira, aliyense chikho chake choimbira chili pakamwa. Kapiteni amakhala kutsogolo, kandodo kali kukhwapa. Iye akaponda, onse amaponda.

Anandiphunzitsa ndi amalume. Iwo anapita kunkhondo ya azungu, nabwerako ndi khutu limodzi logontha ndi lamulo limodzi: msilikali saonetsa mano pa perete. Pabwalo akazi amalowa m'mizere kudzapukuta ovina thukuta ndi mipango, ndipo akamapukuta amanong'oneza zinthu zoti munthu aseke. Ndi mbali ya gule. Woseka amalume ankamutulutsa mumzere ndi ndodo, n'kumupatsa ndowa kuti azitungira anzake madzi. Ine ndowayo sindinaigwirepo. Akazi a midzi itatu anayesa nalephera. Ankanditchula kuti nkhope ya mwala. Amalume atamwalira, kandodo kawo kanabwera kwa ine.

Mpunga utayamba kucha, m'mwezi wa Epulo, kunabwera kalaliki wa ku Boma pa njinga. Anati akuluakulu ku Blantyre akusonkhanitsa gulu la ovina a dziko lonse, loti lizivinira alendo ndi kupita ngakhale kunja pa ndege. Kunyanja kuno ankafunako munthu mmodzi wa malipenga. Anali atationa kale tikuvina ku Boma chaka chapitacho, ndipo anakondapo awiri: ine ndi msuweni wanga. Chotsala chinali chithunzi. Wojambula adzafika ku Boma, zithunzi zidzapita ku Blantyre, kumeneko adzasankha mmodzi, ndipo chithunzi chake chidzalowa m'kabuku kogawira alendo.

"Mudzabwere mutavala zovinira," anatero kalalikiyo. "Lachinayi likubwerali."

Ndege ndinkangoiona m'mwamba. Kuyambira tsiku limenelo mpando uliwonse unkandiwotcha.

Msuweni wangayo anali mwana wa azakhali, msodzi. Ankavina kumbuyo kwanga mumzere. Miyendo anali nayo, sindikana, koma pakamwa pake sipankatsekeka. Ndowa ya amalume anainyamula kambirimbiri. Tinakula tikunyozana, monga amachitira asuweni. Kalaliki atangokwera njinga yake, iye anayamba.

"Wamva, nkhope ya mwala? Akufuna kukujambula. Kamera ya anthu isweka."

"Iwe akakujambula adzangoona mano, ngati ng'ona yofera padzuwa."

"Ng'ona imayenda, msuweni. Mwala umatsala pomwe unagwera."

Ndinamuuza kuti akachape kabudula wake, ankanunkha usipa.

Ndinali ndisanajambulidwepo ndekha. Koma mmene wovina amayang'anidwira ndinkadziwa. Munthu wodziwa gule amayambira pansi. Amaona nsapato, kenako masokosi ngati aima mofanana, kenako mzere wa kabudula ngati ndi wakuthwa. Nkhope amaiona pomalizira, kungotsimikiza kuti yatseka. Choncho nanenso ndinayambira pansi.

Nsapato zanga zinali zitaboola ku chala chachikulu. Ndinatenga mbuzi, imodzi mwa ziwiri zimene tinali nazo, n'kukasinthanitsa ndi nsapato zatsopano ndi masokosi kwa mwini sitolo wa kumsewu. Mkazi wanga anaona chingwe chili chokha pamtengo. Anangochimasula, n'kuchikulunga, n'kuchisomeka kudenga.

Kabudula ndi malaya ndinakasoketsa kwa telala wa pakhonde la sitolo yomweyo, mkulu wachisilamu wa ndevu zoyera, amene ankasoka mikanjo ya anthu onse a kumzikiti. Anandiyeza ndi chingwe, nati, "Mawa, Inshallah." Mawa lake ndinafika iye asanatsegule makina. Masana ndinabweranso. Madzulo ndinadutsanso ngati wopita kwina.

"Bwana kapiteni," anatero osadzutsa mutu, "makina anga ali ndi phazi limodzi ndipo likugwira ntchito. Inu muli nawo awiri. Kodi kumunda kulibe njira?"

"Sokani, bambo. Mzere wa kabudula ukhale pakati penipeni pa bondo."

"Ndinasokera amalume anu inu mukuyenda chinochino."

Ndinamupititsira tambala kuti afulumire. Anamunyamula, namuyeza kulemera ndi dzanja, napukusa mutu.

"Tambala wathunthu chifukwa cha pepala. Chabwino. Mulungu akupatseni zimene mukufunazo, ngati zili zabwino kwa inu."

Mawu omalizawo sindinawakonde, koma kabudula anatuluka bwino.

Nthawi imeneyo ndi imene mpheta zimatsikira m'dambo. Amene sanalimepo mpunga sadziwa. Zimabwera m'bandakucha ngati utsi, ndipo ukangotembenuka kukakodza zamaliza ndime. Munda wathu unali wautali. Mkazi wanga ankalonda mbali ya kumtunda, wakhanda ali kumsana, wamkulu akumukoka chitenje. Mbali ya kumadzi inali yanga. Tinamanga zingwe ndi zitini, munthu kumakoka n'kumakuwa tsiku lonse.

Ndinkapita. Sindinganene kuti sindinkapita. Koma ndikaima pang'ono, ndinkamva galimoto kumsewu, n'kuganiza kuti mwina ndi kalaliki wabwera kudzasintha tsiku. Ndinkasiya chingwe n'kuthamanga. Ndikabwerako, ndinkakumbuka kuti sindinasankhe kaimidwe. Ndinali nditamva kuti kamera imafuna munthu asagwedezeke. Ndinasankha kaimidwe kanga kodziwika: mwendo wamanzere m'mwamba, bondo lafika m'chiuno, chala chaloza pansi, kandodo kukhwapa. Ndinkayeserera pamzere wa munda, kuima ndi mwendo umodzi mpaka ntchafu inkanjenjemera, kenako kuyambiranso.

Tsiku lina mkazi wanga anandipeza ndili chomwecho. Mpheta zinali pa mpunga kumbuyo kwanga.

"Bambo a ana, akakowa achuluka kale m'dambo muno."

"Ndikukonzekera."

"Ndiye kakonzekereni pakati pa munda. Mwina mbalamezi zikuopani. Anthu amati nkhope yanu imaopsa."

"Ndikakwera ndege udzaiwala mpungawu."

"Ana adzadya ndegeyo?"

Ndinatsitsa mwendo, ndinakoka chingwe. Zitini zinalira. Mpheta zinauluka n'kukateranso pataliko pang'ono.

Zovala za malipenga sizivalidwa zofewa. Zimafuna sitachi, kuti kolala aime ndipo kabudula akhale ngati lata. Sitachi yathu inali ya chinangwa. Umapala chinangwa chachiwisi, kuchifinya m'nsalu, kusiya madziwo adikhe, kutenga zoyera zapansizo n'kuziphika mpaka zitanda. Mkazi wanga anali katswiri pa zimenezi. Anaphika atachokera kumunda, ananyika zovala, anayanika. Ine ndinakabwereka simbi ya makala kwa aphunzitsi. Kusita ndinasita ndekha. Kapiteni sasitiridwa. Kabudula anaima yekha pamphasa popanda munthu mkati.

Lachitatu madzulo kunabwera uthenga. Mvula yomaliza inali itadula msewu kumwera, wojambula sanathe kuwoloka. Tidikire sabata inayo.

Sitachi sidikira munthu. Ndinapachika zovala kudenga, nditazikulunga m'chitenje. Pofika Lamulungu mphemvu zinali zitazipeza. Zinanyambita kolala, zinasiya timadontho tofiirira pachifuwa. Tinachapanso. Mkazi wanga anapalanso chinangwa. Anayanika m'mawa n'kupita kumunda. Ine ndinatsala kulondera zovala.

Dzuwa litakwera ndinamva akazi akufuula kugombe. Ndinayang'ana kunyanja. Kunali mtambo wakuda utaima pamadzi ngati utsi wa tchire, ukubwera ndi mphepo. Nkhungu, tizilombo touluka ta m'nyanja. Mudzi wonse unatuluka ndi malichero ndi madengu onyowetsa, kuzunguza m'mwamba, kukondwera kuti ndiwo zabwera zokha. Ine ndinathamangira ku chingwe. Tizilomboto tinandipitirira. Sitachi inali isanaume. Tinamatirira pa malaya, pa kabudula, pa masokosi, mpaka choyera sichinaonekenso paliponse. Ndinayesa kukutumula. Tinangopakika.

Msuweni anafika ndi lichero lake lodzaza, nkhungu zili m'tsitsi ndi m'nsidze. Anaima, anayang'ana chingwe, anayang'ana ine.

"Kapiteni, usachape. Ingothira mchere tiwotche."

"Choka pano."

"Malaya a ndiwo! Ku Blantyre sanaonepo. Upambana ndithu."

Ndinamuponyera chikuni. Anathawa akuseka.

Madzulo mkazi wanga anaona zovalazo zili m'beseni. Anatula mwana, anakhala pansi, anatambasula miyendo yake yotupa ndi madzi a m'dambo.

"Chinangwa chili m'munda. Manja muli nawo. Ine mawa ndili ndi mbalame, mbali yanga ndi yanu yomwe."

Ndinakumba chinangwa ndekha. Ndinapala mpaka zala zinatuluka magazi. Sitachi yoyamba inachita mibulu, yachiwiri inapsa, yachitatu inagwira. Ndinayanika m'nyumba, chitseko chotseka, ine nditakhala pakhomo ngati mlonda. Kumunda sindinapondeko masiku amenewo.

Ndikagona ndinkaganiza za makala a m'simbi, kuti kaphulusa kamodzi kangagwere pa kolala. Ndikadzuka ndinkapita kukagwira nsapato, kuona ngati choko chimene ndinapaka chauma. Ndinkayesa masokosi, kuvula, kuyesanso. Limodzi linkaoneka lalitali kuposa linzake. Ndinalipinda, ndiye linalo linatalika. Ana anayamba kundizemba.

Nkhope ndinaipatsa nthawi yochepa. Tsitsi ndinakametetsa pansi pa mango, lalifupi, monga ankafunira malamulo a masiku amenewo. Ndevu ndinapala ndi lezala. Galasi lathu linali kachidutswa ka galasi la njinga, kokwana m'chikhatho. Ndinkaona diso limodzi, kenako linalo, kenako chibwano. Zonse zinalipo. Zinakwana.

Tsiku linafika. Kumsewu kunaima lole ya nsomba. Ndinakana kukwera. Msuweni anakwera, nandibayibitsa ndi chipewa. Ine ndinadikira ina, ya matumba a mpunga. Zovala ndinaziika pakati pa makatoni awiri, n'kumanga ndi chitenje cha mkazi wanga, n'kuzinyamula pamutu ulendo wonse, dzanja limodzi litagwira chitsulo cha lole. Anthu ankafunsa ngati ndanyamula galasi la windo.

Ku Boma ndinavalira kuseri kwa sitolo, nditaponda pa katoni. Khadi la chipani, limene munthu sankayenda popanda ilo, ndinaliika m'nsapato, chifukwa m'thumba likanatupitsa kabudula. Ndinatuluka. Amayi ogulitsa zitumbuwa anasiya kuyankhula. Ndinadziwa kuti zatheka.

Wojambula anali m'chipinda cha kuseri kwa holo. Panja panali mzere: amayi a chimtali, nkhalamba ya bangwe, ena a magule a kumtunda. Onse anakhala pansi pamthunzi. Ine ndinaima. Kabudula wa sitachi ukakhala naye pansi, wathyoka, ndipo sabwereranso. Ndinaima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa linapendeka. Thukuta ndinkalipukuta lisanafike pa kolala. Madzi ndinakana, kuopa kudontheza.

Msuweni anali gone pa udzu akudya nzimbe. Anavala malaya oyera obwereka, kabudula wake wakale wokwinyika, ndi patapata kumapazi.

"Nsapato zako zili kuti?" ndinamufunsa.

"Zinapita ndi madzi."

"Ukajambulitsa ndi patapata? Ukuchititsa manyazi gulu."

"Gulu lili ndi iwe. Taima bwino, pali ntchentche pa bondo."

Mumtima ndinamumvera chisoni. Ndinaona kuti nkhani yatha kale.

Anayamba kuitanidwa ndi iye. Sanakhalitse. Anatuluka akupukuta pakamwa, nabwera pafupi nane.

"Msuweni, akungojambula mutu."

"Bodza."

"Mutu ndi mapewa basi. Ngati nsomba ya alendo, kwinako amataya."

Munthu amene wakunamiza moyo wako wonse sungamukhulupirire tsiku limodzi. Ndinamukankha n'kulowa.

M'chipindamo munali nsalu yotuwa yopachika pakhoma, kampando kopanda chotsamira, nyale yowala kwambiri, ndi kamera yoima pa miyendo itatu. Wojambulayo anali kamunthu kakafupi, kotopa, malaya atanyowa kumsana. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Anaimba kaluzu.

"Achimwene, mwatchena. Khalani apa."

"Kapiteni sakhala, bambo. Ndiima chonchi." Ndinakweza mwendo, bondo m'chiuno, kandodo kukhwapa. Sindinagwedezeke ngakhale pang'ono.

"Zokongola. Koma tsitsani. Ine andituma nkhope. Kuyambira apa," anagwira pachifuwa pake, "kupita m'mwamba."

"Ine ndimavina ndi miyendo."

"Miyendo anaiona kale chaka chatha. Kabukuko n'kakang'ono, achimwene. Munthu aliyense ali ndi kabokosi kake, ngati ka machesi. Miyendo ilowa pati?"

"Bwezani kamerayo m'mbuyo."

"Ndikabweza, nkhope ikhala ngati nyemba. Andibwezera. Khalani, kunja kuli anthu."

Ndinayang'ana nsapato zanga. Ndinaganiza za mbuzi. Kenako ndinakhala. Ndinamva kabudula akuthyoka, thyo, mbali zonse ziwiri.

Anabwera n'kundigwira chibwano ndi zala ziwiri, kuchitembenuzira ku nyale. Chibadwire palibe mwamuna anandigwirapo chibwano. Ndinapirira. Anandipukuta pamphumi ndi kansalu, anakonza kolala amene sankafunika kukonza, anabwerera kuseri kwa kamera.

"Eya. Tsopano mwetulirani."

Nkhope yanga sinasinthe.

"Achimwene, sekani pang'ono. Tione mano."

"Ndavala zovinira."

"Ndiye?"

"Wa malipenga akavala zovinira saonetsa mano."

"Mnzanu uja waonetsa onse, mpaka a m'mbuyo."

"N'chifukwa chake amavina kumbuyo."

Anatulutsa mutu kuseri kwa kamera. Anayang'ana kukhomo, natsitsa mawu.

"Tamverani, bambo. Ine ndajambula magule ambiri. Zanuzo ndikuzimva. Koma amene akasankhe kumeneko sadziwa malipenga. Kabukuko ndi kosonyeza alendo kuti anthu a m'dziko muno ndi okondwa. Mukumva? Okondwa. Akaona nkhope iyi, akafunsa kuti munthuyu wakwiyira ndani. Funso limenelo si labwino masiku ano."

"Sindinakwiye. Ndili pa perete."

"Ndili ndi mafilimu awiri pa munthu aliyense. Loyamba ndijambula mmene mukufuniramo. Lachiwiri mundipatse ine."

Kunawala. Loyamba linatha.

Pamenepo pawindo panatulukira mutu. Anali msuweni. Anali atamva zonse.

"Bwana wojambula, musavutike, ndimudziwa ine ameneyu. Msuweni! Wakumbuka malaya a ndiwo?"

Ndinayang'ana kamera.

"Kakowa wa m'dambo! Bwana, munthu uyu anaima ndi mwendo umodzi sabata yathunthu, mpheta mpaka zinamanga chisa kukhwapa. Mbuzi yake ili kumapaziko, tamufunsani ngati ikulira. Meee!"

Wojambula anaseka mpaka anagwira mwendo wa kamera. Amayi a chimtali anadzaza pawindo, nawonso akuseka. Ndinamva chinthu chikukwera kuchokera m'mimba. Chinafika pachifuwa. Chinafika pakhosi. Akazi a midzi itatu sanachifikitsepo pamenepo. Ndinachita zimene amalume anatiphunzitsa: kuluma tsaya mkati, kukanikiza zala za kumapazi pansi, kuyang'ana chinthu chimodzi. Ndinayang'ana msomali wa pakhoma. Ndinamva magazi m'kamwa.

Msuweni anasiya kulira ngati mbuzi. Mawu ake anasintha. Sindinamumvepo akuyankhula chotero.

"Iwe, seka. Wovina ndiwe, tonse tikudziwa. Ine ndikapita ndikangochititsa manyazi. Amalume anagona, sakukuona. Kamodzi kokha, msuweni. Tsegula pakamwa."

Wojambula anadikira, chala chili pa batani.

Kolala anali pakhosi panga. Kandodo kanali pamiyendo panga. Ndinakweza chibwano.

"Jambulani, bambo."

Anapuma mozama. Kunawala kachiwiri.

Pobwerera tinakwera lole imodzi, ya nsomba. Ndinakhala pa dengu. Panalibenso choteteza. Msuweni sananene nthabwala ngakhale imodzi mpaka ku Chia. Potsika anangoti, "Ndiwe chitsiru," ine ndinati, "Ndiwe ng'ona," n'kusiyana.

Mkazi wanga anali pakhonde akupeta. Anaona kabudula wothyoka ndi nsapato zonunkha nsomba.

"Ajambula?"

"Ajambula."

"Nsapato zaoneka bwino?"

"Ajambula mutu wokha."

Lichero linaima. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayamba kuseka, osatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka, mpaka misozi inatsika. Sindikudziwa ngati yonse inali ya kuseka. M'mawa mwake ndinapita naye kumunda. Mbali ya kumtunda mpunga unali utawerama ndi kulemera. Mbali ya kumadzi ngala zinali zitaima njo, zopepuka, mankhusu okhaokha. Ndinakoka chingwe tsiku lonse. Panalibe choti mbalame zidye.

Yankho linabwera titamaliza kumweta. Anasankha msuweni.

Patapita masiku, kunyumba kwanga kunafika a tcheyamani a chipani a dera lathu. Anali munthu wa m'mudzi momwemo, tinkadziwana. Anakhala pampando, anatulutsa chithunzi m'thumba la jekete, anachiika pa bondo. Kanali koyamba kuona nkhope yanga yonse pamodzi.

"Kapiteni, akuluakulu kumtunda akufunsa. Akuti munthu uyu anaitanidwa ku chinthu chachisangalalo. Nanga nkhope iyi wakwiyira ndani?"

"A tcheyamani, inu mwandionapo ndikuseka pabwalo?"

"Ine ayi. Koma akufunsawo si ine."

"Kawauzeni kuti ndi mwambo wa gule."

"Ndawauza. Akuluakulu a mudzi nawonso achitira umboni. N'chifukwa chake ndabwera ndekha, wopanda anyamata a chipani." Anakanda m'mutu. "Koma akuti pa chikondwerero cha Julaye musakhale kutsogolo. Alendo amajambula. Chaka chino chokha muvinire kumbuyo. Zikazizira tidzaona."

"Kumbuyo sindivina."

"Ganizani bwino, kapiteni."

"Ndaganiza."

Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga kandodo ka amalume, ndinawapatsa kuti akapereke kwa amene amufuna. Anasiya chithunzi pampando. Julaye ameneyo ng'oma ndinazimvera kumunda wa chinangwa. Chaka chotsatira anzanga a m'gulu anabwera kudzandipempha. Anali ataika kale wina kutsogolo, mnyamata wabwino, ndipo ankati tizisinthana. Ukapiteni sasinthana ngati khasu. Ndinakana. Sindinavinenso.

Msuweni anakwera ndege. Anabwera kamodzi atavala suti, ndi kabuku kaja. Ndinaona kabokosi kake. Mano kuyambira khutu ili mpaka linalo. Anati kumene amapitako onse amavina akumwetulira, ndi wotsogolera yemwe, ndipo mizere anaifupikitsa kuti alendo asatope. Tinakhala pakhonde, iye akusewera ndi chipewa.

"Ukanapita ndiwe," anatero.

"Ndikudziwa."

"Ukanapirira sabata imodzi, n'kumenya munthu."

"Mwina."

Anaseka. Nanenso ndinaseka, chifukwa ndinali nditavala malaya a kumunda. Anabwerera ku tauni, anakwatira komweko, gulu lija litatha anapeza ntchito ya ulonda. Kumudzi anadzabweranso ali m'bokosi.

Chithunzi chija chilipo. Mkazi wanga anachipachika pakhoma, ndipo ana akachita mwano ankawalozera pamenepo. Adzukulu amachijambulanso ndi mafoni awo, n'kumafunsa kuti agogo, munakwiyira ndani. Ndimawauza kuti ayang'ane kolala. Ndi chithunzi chabwino. Kamunthu kaja kankaidziwa ntchito yake. Aliyense wodziwa malipenga akachiona amadziwa kuti uyu ndi kapiteni, ngakhale miyendo palibe.

Zimene zinapita ndi izi. Mbuzi imodzi. Tambala mmodzi. Theka la mpunga wa chaka chimenecho, ndipo njala ya Febuluwale tinaimva, ana anadya kondowole wopanda ndiwo. Kabudula mmodzi, wovalidwa kamodzi. Kandodo ka amalume. Malo anga kutsogolo kwa mzere. Ndege. Msuweni mmodzi, amene akanakalamba kuno tikunyozana. Mano amene ankawafunawo ndinali nawo onse, oyera, opanda lobooka ngakhale limodzi. Lero atsala anayi.